Chitseko cha Kanyumba ka Usipa

1. Zimene Zena anatenga

Zena, mwana wanga woyamba, anali ndi ngongole kwa ine. Sinali ya ndalama ayi. Inali ya chitseko, chitseko chenicheni cha matabwa. Anachizula pa kanyumba kamene ndimasungiramo usipa wouma, n'kunena kuti wabwereka sabata imodzi yokha. Mwezi unatha chitseko osabwera.

Ine ndine Abiti Atumani. Ndimagulitsa usipa ndi utaka mumsika wa pa boma ku Mangochi. Sukulu sindinapite nayo patali, koma munthu amene ali ndi changa sindimuiwala.

Pakhomo pa kanyumbako ndinatsekapo lata lakutha, n'kutsamiritsa mwala. Amphaka a m'dera lonse anauzana. M'mawa uliwonse ndinkapeza thumba lobooka, mitu ya usipa ili mbwee pansi. Tsiku lina ndinapezamo mbuzi ya aneba itagona pa matumba ngati imalipira lendi.

Chitsekocho sichinali chogula. Anachikhoma ndi malemu amuna anga, Che Uladi, ndi matabwa a boti lawo lakale. Pamwamba pake pankaonekabe penti wobiriwira wa botilo. Ukonde wawo abale awo anatenga. Injini anagulitsa. Chimene chinatsala pakhomo panga ndi chitsekocho.

Loweruka m'mawa ndinamupeza Zena akusita diresi lake la pa Idi.

"Iwe, chitseko changa chili kuti?"

"Ndinakuuzani, amayi. Chili ku holo, ku chionetsero cha ojambula zithunzi. Mawa madzulo chibwera."

"Unati sabata imodzi."

"Nsalu yojambulapo ndi yodula. Anzanga ena ajambula pa matumba a ufa. Ine ndinafuna chinthu cholimba."

"Ndiye usipa wanga udyedwe chifukwa iwe wafuna chinthu cholimba?"

Anaimika simbi pa njerwa. "Amayi, lero masana kukubwera mayi wina wochokera ku Zomba, a Esther. Adzasankha wachinyamata mmodzi woti akaphunzire zojambula chaka chonse, zonse atamulipirira. Chithunzi chikachoka pakhoma asanasankhe, mwini wake watuluka mumpikisano. Pirirani lero lokha."

"Wajambulapo chiyani pa chitseko changa?"

"Mudzaona chikabwera."

Ndinakhala pa mtondo chifukwa miyendo inali itatupa kale. Ndinali nditadzuka kusanache kukalimbana ndi asodzi padoko.

"Tamvera, Zena," ndinatero. "Fomu folo wamaliza, ine sindinafikeko, koma ichi chokha ndikuphunzitse. Kubwereka n'kupempha, mwini wake n'kuvomera, iwe n'kunena tsiku lobweza, tsikulo n'kulisunga. Iwe unazula chitseko ine ndili kumsika, n'kundiuza chitafika kale kwa anzako. Kumeneko si kubwereka. Mumsika muja muli amayi amene anayamba chomwecho, lero palibe amene angawabwereke ngakhale mbale yopimira. Munthu akakuchitira chifundo kamodzi, usamuyese wogona. Ine ndine mayi ako, ndikhoza kukulalatira n'kukupatsabe chakudya. Kunja kuno sakulalatira ayi, amangosiya kukupatsa."

"Ndamva, amayi." Anapinda diresi osandiyang'ana. "Koma musabwere ku holo. Mukangotopa chabe."

Chibadwire mwanayu anali asanandiletsepo kupita kulikonse. Atangotuluka, ndinapita kumsika, n'kusiyira benchi langa Enelesi, mnzanga wogulitsa matemba pafupi nane. Ndinamanga mpango bwinobwino, n'kuitana kabaza.

2. Mu holo

Pakhomo pa holo panaima mnyamata wa tayi, thukuta lili kamukamu. Anati dzina lake ndi Nicholas, ndiye wakonza chionetserocho.

"Takulandirani, amayi. Kulowa ndi ulere."

"Zili bwino, chifukwa ine ndabwera kudzaona changa."

M'katimo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Zithunzi zinali mbali zonse, zina pa nsalu, zina pa matumba, zina pa makatoni. Wojambula aliyense anaima pafupi ndi zake. Munali ana a sukulu ovala yunifomu, aphunzitsi awo, ndi anthu ena amene anangolowa kuthawa dzuwa.

Zena sindinamuone. Ndinayamba kuyenda m'mbali mwa khoma kufunafuna chitseko. Ine maso anga anazolowera kuona katundu, ndipo pakamwa panga sipachedwa.

Woyamba anali bambo wa ndevu dzina lake Jonathan. Zake zinali njovu ndi akadyamsonga okhaokha, makosi ataliatali kufika kumitambo.

"Achimwene, nyama za makosi izi munaziona pati kuno ku Mangochi?"

"Alendo odzaona nyanja ku Chembe amazikonda, amayi."

"Ndiye kapachikeni ku Chembe. Ife kuno mwatiitanira chiyani?"

Ana a sukulu anaseka. Pafupi pake panali chithunzi cha mkazi wosenza ndowa, chiuno ngati cha mavu, milomo itamwetulira.

"Ndowa iyi ilibe madzi," ndinatero. "Ikanakhala yodzaza, mayiyu akanathyoka pakati. Ndipo ndani amamwetulira pochokera kumjigo? Wojambula uyu sanatungepo madzi."

Mwini wake anali mnyamata wa magalasi. Anakanda m'mutu n'kuvomera kuti amatunga ndi alongo ake.

Kenaka ndinafika pa chambo chachikulu chogona m'mbale. Mamba anawakhoza, limodzilimodzi. Koma diso analipaka lofiira.

"Nsomba iyi yagona, ndi yadzulo. Ngakhale mutanditsitsira sindingagule."

Apa anthu anali atayamba kunditsatira. Ndikaima, iwo ankaima. Ndikatsegula pakamwa, ankaseka ndisanamalize. Mphunzitsi wina anauza ana ake kuti azimvetsera, akuti uku ndiye kuunika chithunzi. Ine sindinkaunika kanthu. Ndinkafuna chitseko changa, ndipo miyendo inkandiwawa.

Pakona panali thumba la ufa lopakidwa penti wa mtundu wa matope, wina wotuwa, zonse zosakanikirana. Pakati panali kanthu kosongoka, chapambali kadontho kofiira.

"Apa penti anatayikira pa thumba, inu n'kungopachika chotayikacho. Mwini wake ndani?"

Anthu anaseka kwambiri kuposa poyamba. Kamnyamata kowonda kanatuluka kuseri kwa anzake. Kanati dzina lake ndi Tony.

"Ndi nyumba yathu, amayi," anatero motsitsa mawu. "Nyanja itasefukira inalowa m'mudzi mwathu. Chosongokacho ndi denga, ndi chokhacho chimene chinkaoneka. Chofiiracho ndi beseni la mlongo wanga, linkayandama."

Kuseka kuja kunazima.

"Ukanalemba pansi pake kuti anthu adziwe."

"Ndinalemba, amayi. Apo."

Kapepala kanalipodi, tizilembo ting'onoting'ono. Ine zilembo zotere zimandidutsa. Ndinayang'ananso thumba lija. Denga linalipo. Madzi analinso enieni, a matope, ngati amene anafika m'mawondo kunyumba kwa mchemwali wanga chaka chomwecho. Ndinangopitirira. Otsatira aja anachepa.

3. Chitseko

Kumapeto kwa holo kunali gulu lalikulu kuposa onse, ndipo ambiri anali amuna. Sankaseka, sankayankhula. Pamwamba pa mitu yawo ndinaona mzere wa penti wobiriwira wa boti la Che Uladi.

"Tandipatsani njira."

Chitseko anachiimika pa njerwa ziwiri, n'kuchimangirira kukhoma ndi waya. Pa chitsekopo panali mkazi atakhala pamphasa m'chipinda cha mdima. Kumutu analibe mpango. Tsitsi linali losapesa, imvi zili poyera. Maso anali otupa, pakamwa pali pululu ngati munthu amene walira mpaka mawu kutha. Manja anali pamiyendo, zikhato kumwamba. Pambali panali mbale ya phala losakhudza.

Mkaziyo ndinali ine.

Kwathu mwamuna akamwalira, mkazi wake amakhala eda. Imeneyi ndi miyezi imene wamasiye amakhala m'nyumba, osadzikongoletsa, osayendayenda, osaonekera kwa amuna achilendo. Ine eda ya Che Uladi ndinaisunga yonse. Benchi langa kumsika linagwira fumbi, makasitomala anapita kwa ena, koma sindinatuluke. Munthu yekhayo amene ankalowa m'chipindamo ndili chomwecho anali Zena, pobweretsa phala.

Tsopano chipinda chija chinali mu holo ya pa boma, ulere.

"Kodi si Abiti Atumani awa?" Anali Ayub, mnyamata amene amanditengera matumba pa njinga kuchokera kudoko. Anayang'ana chitseko, n'kuyang'ana ine, n'kuzyolika. Pambali pake panali bambo wina amene amapemphera mzikiti umodzi ndi alamu anga. Wina anali atakweza foni, anaitsitsa pang'onopang'ono.

Ndinamasula chitenje chapamwamba n'kuphimba chitseko chonse. Ndinakoloweka bwinobwino m'makona.

"Mwaona zakwana. Kaoneni njovu uko."

Anabalalika. Amene anatsala ataima ndi Zena, diresi la pa Idi lili bwinobwino, botolo la madzi m'manja.

"Amayi, ndinati musabwere."

"Unanenadi."

"Mundimvetse kaye."

"Lankhula. Ndatopa, usatalikitse."

"Mumsika amati ndinu ouma mtima. Amati bambo atamwalira simunagwetse msozi, munkangowerengera matumba. Azakhali ananena pamaso panga. Ine ndinkakuonani tsiku lililonse. Ndinkafuna anthu aone zoona."

"Ndinakutuma?"

Ndinamuyandikira n'kupitiriza.

"Amene amati ndine wouma mtima amandilipira pa nthawi yake. Lolemba ndikakhala pa benchi, Ayub akandiyang'ana aziona chiyani? Miyezi yonse ija ndinadzitsekera kuti mwamuna aliyense asaone mutu wanga. Iwe wauonetsa boma lonse, pa chitseko cha bambo ako."

"Sindinaganize za mpango, amayi. Ndinkangoona nkhope yanu."

"Masula waya uyo."

4. Mawu a bambo Maurice

Nicholas wa tayi uja anafika akuthamanga.

"Amayi, tikambirane. A Esther aimba foni, adutsa kale pa Ulongwe. Chithunzi ichi ndicho chabwino kuposa zonse muno, aliyense akudziwa. Ine ndikugulirani chitseko chatsopano lero lomwe, cha loko."

"Chatsopanocho ndi cha boti la Che Uladi?"

"Ayi, koma ndi cha mlombwa."

"Khomani kwanu."

"Chabwino, chikhale chophimba chomwechi. Tidzavundukulira a Esther okha, iwo ndi mayi ngati inu."

"Akachisankha, chikakhala chophimba ku Zombako?"

Nicholas anayang'ana foni yake. Jonathan wa njovu uja anayandikira ndi burashi m'manja. "Vuto ndi mpango basi? Mwanayu angojambulapo mpango pamutupo. Penti ndili naye, sachedwa kuuma."

"Mpangowo utsekanso maso otupawo? Utseka pakamwapo?"

Pa benchi la pafupi panakhala bambo wokalamba wa chipewa cha mlaza, malaya ali madonthomadontho a penti. Anali bambo Maurice a ku Malindi, amene akhala akulemba mayina pa maboti ndi pa magolosale kuyambira ine ndili mtsikana. Dzina la boti la amuna anga analemba ndi iwo. Achinyamata ambiri mu holomo anaphunzira kugwira burashi kwa iwowo, Zena yemwe.

"Nicholas, takhala chete," anatero. "Zena, bwera kuno, mwana wanga."

Zena anagwada pambali pa benchi.

"Chithunzi chako ndi chabwino. Sindikunyengerera ayi. Ndayang'ana manja aja nthawi yaitali, ine sindingawathe. Koma chikanakhala choipa, mlandu ukanachepa, chifukwa palibe akanazindikira kuti ndi mayi ako. Dzanja lako likamakula luso, ndi pamenenso likhoza kupweteka anthu kwambiri. Ine ndine wa Anglikani, za eda sindizidziwa bwino. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu akakulola kulowa m'chipinda chake akulira, sanakupatse misoziyo kuti ukayende nayo. Anakulola chifukwa ndiwe mwana wake, osati chifukwa ndiwe wojambula. Nsomba suipempha, mtengo suupempha, nyanja suipempha. Munthu umamupempha. Akakana, umatsuka burashi n'kukajambula china. Ukazolowera kutenga nkhope za anthu osapempha, udzatchuka ndithu, koma anthu akadzakuona ukubwera azidzatseka zitseko. Ndiye udzajambula ndani? Udzatsala ndi njovu."

Jonathan anabweza burashi m'thumba.

"Ku Zomba ndikufuna upite," anapitiriza bambo Maurice. "Mwayi ngati uwu sufika kawirikawiri kuno. Ukachotsa chitsekochi, mwina mwayiwo sudzabweranso. Sindikunamiza kuti zonse zidzakhala bwino. Ndangokuuza mbali zonse ziwiri."

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Nanunso, Abiti Atumani, ndakumvani mukuyenda m'mbali mwa khomamu. Za ndowa munanena zoona. Za diso la chambo munanenanso zoona, mnyamatayo akonza. Koma ana awa si asodzi a padoko oti mukanyoza nsomba atsitsa mtengo. Tony uja wayenda wapansi kuchokera kutsidya ndi thumba lake lija pamutu. Kunena kuti chinthu chalakwika n'kwabwino. Koma yambani mwafunsa kuti n'chiyani."

Ndinakhala kumapeto kwa benchi lomwelo n'kuvula masilipasi, mapazi apume.

"Zena," ndinatero, "ine sindilimbirana nawe chitseko pamaso pa anthu. Mphamvu zake ndilibe. Ndakhala apa. Chitseko ndi changa, mutu uli pamenepowo ndi wanga, sukulu ya ku Zomba ndi yako. Chita chimene wachiona."

Zena anakhala chogwada nthawi yaitali. Anthu anayamba kusuzumira pawindo kudikira galimoto. Nicholas ankayang'ana foni, n'kuyang'ana Zena, n'kuyang'ananso foni.

Kenaka mwanayo anadzuka. Anapita kukhoma n'kuyamba kupotokola waya ndi zala. Waya unamucheka, magazi anadontha pa diresi la pa Idi, koma sanasiye.

"Zena, ukudziwa lamulo," anatero Nicholas. "Chikatuluka pakhomo apo, dzina lako ndifufuta."

"Fufutani, achimwene."

Chitseko cha matabwa a boti n'cholemera. Anayesa kuchinyamula yekha, chinakana. Amuna onse aja anangoima. Amene anabwera kudzagwira mbali inayo anali Tony.

Potuluka pakhomo tinakumana ndi galimoto yoyera ikuima. Munatsika mayi wamfupi wa tsitsi lometa, chikwama chili paphewa. Anayang'ana chinthu chokutidwa ndi chitenje chija.

"Ichi chikupita kuti chionetsero chisanathe?"

"Kwa mwini wake, amayi," anatero Zena.

5. Ngongole yatha

Tinachikweza pa wilibala ya munthu wina wogulitsa makala. Zena ankakankha, Tony atagwirizira, ine pambuyo ndi masilipasi m'manja. Dzuwa linali pamutu.

Titafika, Tony anathandiza kuchikweza pa mahinjesi. Anafunsa kuti chithunzi chiyang'ane kuti.

"M'kati," ndinatero. "Aziona ndi usipa."

Atamaliza kukhoma ndinamutapira usipa wodzaza jumbo, wa pamwamba, wosathyoka mitu.

"Amayi, sindinagwirire malipiro."

"Ndani wanena za malipiro? Tenga. Thamanga ubwerere ku holo, mayi uja asakupeze palibe. Ndipo kapepala kako kaja ulembe zilembo zikuluzikulu. Si tonse tili ndi maso a sukulu."

Ananyamuka akuthamanga, jumbo ikulendewera.

Zena analowa m'nyumba. Ine ndinalowa m'kanyumba ka usipa n'kukoka chitseko. Kuwala kunkalowa pa mpata wa pansi pa denga. Ndinakhala pa thumba n'kumuyang'ana mayi uja, popanda wina woyang'ana nane.

Manja analidi anga, ndi chipsera cha mpeni pa chala chachikulu. Chapamwamba, pakona pamene mu holo muja sindinafikepo ndi maso, panali msomali. Pa msomalipo panali kofiya ya Che Uladi, chipewa chawo chopempherera, yopindika mbali imodzi monga ankaisiyira akabwera ku mzikiti. Kofiyayo anaitenga achimwene awo eda isanathe. Ndinali nditaiwala kapindikidwe kake.

Ndinakhala momwemo mpaka miyendo inachita dzanzi.

Chitseko chinatseguka. Zena anaima pakhomo atavala zovala zogwirira ntchito, chala atamanga kansanza. Dzanja lina linali ndi ndowa ya laimu, lina burashi yaikulu yopakira nyumba.

"Tulukani pang'ono, amayi. Ndifufute."

"Ufufute chiyani?"

"Chithunzicho. Ndinatenga chitseko chopanda kanthu, ndibweze chopanda kanthu."

"Tsitsa ndowayo."

"Amayi, mwanena nokha kuti..."

"Ndati tsitsa. Unatenga osapempha, tsopano ukufuna kufufutanso osapempha? Chitseko ndi cha yani?"

"Chanu."

"Zimene zili pa chitseko changa ndi za yani?"

Anayang'ana pansi. "Zanu."

"Basi. Ngongole yako yatha, sindidzaitchulanso. Koma ichi usachikhudze." Ndinaloza ndi chibwano. "Manja wawakhoza. Kofiya waikhoza. Mphasa walakwitsa, yathu inali yong'ambika pakona, iwe wajambula yatsopano ngati tinali olemera."

Anafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi inatsika. Anakhala pa thumba la pambali panga, ndowa ili pakati pa mapazi.

"Mwayi uja wapita, amayi."

"Wapita. Sindikuuza kuti sunapite."

"Ndiye ndizitani?"

"Lero usankha usipa, amphaka asakaniza ndi mchenga. Zamawa tidzaona mawa."

Tinayala mphasa pabwalo n'kukhuthulapo thumba. Tinasankha mpaka mthunzi wa mpanda unafika pa mapazi athu. Msana unkandiwawa, ndipo ndinali ndisanadye chichokere kudoko.

Ndipamene tinamva galimoto ikulimbana ndi mchenga wa m'njira yathu. Inaima pa mpanda. Munatsika bambo Maurice, akugwira chipewa kuti chisagwe. Pambuyo pawo panatsika mayi wamfupi wa tsitsi lometa uja, a Esther.

"Odi kuno."

Zena anadzuka msangamsanga, mamba a usipa ali m'manja monse. "Ndine Zena, amayi."

"Ndakudziwa, tinakumana pakhomo paja," anatero a Esther. "Koma sindinabwerere iwe. Mu holo monse anthu akungokamba za chithunzi chimene palibe. Bambo awa andiuza kuti sichioneka popanda chilolezo. Ndikufuna mwini chitseko."

Ndinayang'ana kanyumba ka usipa. Chitseko chinali chotseka, penti wobiriwira ali pamwamba. Ndinakonza mpango wanga, n'kukankhira usipa mbali imodzi ya mphasa.

"Mwini wake ndine. Zena, tenga mpando wa bambo Maurice, ukauike uko pansi pa mango, patali ndi chitseko. Inu mayi khalani apa. Musanaone kanthu, muyambe mwandiuza chimene mwabwera nacho."